Khadi la 2 ndi Mpunga wa ku Bhatirtek

NYUMBA YOFUNGATIRA MABIZINESI ATSOPANO YA KASHPHUL
KOMITI YOYENDETSA NTCHITO ZA MAGULU

Zolembedwa za msonkhano wa 47, wapadera
Tsiku: Lachiwiri, 12 Epulo 2022, mkati mwa Ramadani
Malo: Chipinda chaching'ono cha misonkhano, nsanjika ya 7, Karwan Bazar, Dhaka

Opezeka (5)
Pulofesa Nurul Mridha, Wapampando
Bambo Shafiul Munshi, woyang'anira nyumba
Bambo Pritom Dey, mlangizi wa kayendetsedwe ka ntchito m'magulu
Mayi Ferdousi Kabir, woimira bungwe lopereka thandizo
Mayi Monowara Sikdar, mlembi (savota)

Osapezeka (2)
Dokotala Rezaul Pathan, anapepesa, ali pa ulendo wa ku Makka
Bambo Tauhid Sarkar, sanapepese

Oitanidwa pa mfundo 4 ndi 5 (2)
Bambo Istiaque Mazumder, mwini wa gulu la Dhanbarta
Mayi Shiuli Laskar, wolemba mapulogalamu m'gulu lomwelo

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 1:40 masana. Anati popeza anthu akusala kudya, ndipo msewu wa ku Mirpur umatsekeka ikangokwana 3 koloko, aliyense alankhule zofunika zokha. Anati nkhani yaikulu ndi imodzi. Bungwe lopereka thandizo likufuna kuti pofika mawa komiti itchule munthu amene ali ndi mlandu pa zomwe zinachitika m'mudzi wa Bhatirtek. Dzina lomwe laperekedwa ndi la Mayi Shiuli Laskar, ndipo komiti igamule ngati achotsedwe m'nyumba muno kapena ayi.

2. Zolembedwa za msonkhano wa 46

Zinawerengedwa. Bambo Munshi anapempha kuti mawu oti "kulephera" pa mfundo yokonza makina oziziritsa m'chipinda chachikulu asinthidwe akhale "kuchedwa". Mlembi anayankha kuti mawuwo anawanena ndi Bambo Munshi eni ake. Sanasinthidwe. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Zotsala za msonkhano wapita

Bambo Dey anapereka lipoti la misonkhano ya chiimire, ija gulu lililonse limachita m'mawa, aliyense n'kunena zomwe wagwira, zomwe agwire, ndi chomwe chikumutsekereza. Anati pa magulu 9, magulu 4 okha ndi omwe amaimiriradi onse. M'magulu 5 mwini wa gulu amakhala pampando, enawo n'kumabwera kutsogolo kwake mmodzimmodzi ngati ana opereka makope kwa mphunzitsi. Anati kuyambira Januwale sanamvepo munthu akutchula chomutsekereza ngati chotsekerezacho ndi munthu wamkulu kwa iye.

Bambo Munshi anati mwina n'chifukwa choti palibe chotsekereza. Anawonjezera kuti Bambo Dey ali ndi malovu olankhulira nthawi yaitali chifukwa iwo sakusala, ndipo botolo lawo la madzi likuonekera m'chikwama. Bambo Dey anapepesa, natseka chikwamacho. Wapampando anati nkhaniyi idikire msonkhano wina.

4. Nkhani ya gulu la Dhanbarta

Oitanidwa awiri analowa. Mipando inali 6 ndipo anthu anakwana 7. Mayi Laskar anaima pafupi ndi chitseko mpaka mpando wina utabwera.

4.1 Zomwe zinachitika

Bambo Mazumder anafotokoza kuti gulu lawo, la anthu 5, linapanga pulogalamu yochenjeza alimi a m'madambo a ku Sunamganj pa foni, madzi a m'mapiri akayamba kutsika, kuti adule mpunga usanamire. Chaka chino anaiyesa ku Bhatirtek. Pa 3 Epulo chida choyeza mtsinje chinaona madzi akukwera ndipo pulogalamu inatumiza chenjezo pa nthawi yake. Koma mphepo ya mkuntho inali itagwetsa netiweki ya kumeneko. Netiweki inabwerera madzulo, pulogalamu osabwereza kutumiza. Pa 5 Epulo khoma la dothi lotchinga madzi linagumuka.

Bambo Mazumder anati alimi ena sanalandire uthenga. Mlembi anapempha nambala. Anati olembetsa ndi 312, olandira 58, ambiri a iwo omwe anali ku msika wa pa boma tsikulo, ndipo osalandira 254. Mpunga wa kumunsi kwa dambo uli pansi pa madzi wonse. Wa kumtunda, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ukadali chiimire ndipo sunakhwime bwino.

Mayi Kabir anafunsa ngati pali wakufa. Anayankhidwa kuti palibe. Anafunsanso ngati atolankhani afikako. Anayankhidwa kuti afika awiri, koma anajambula madzi okha.

4.2 Momwe ntchitoyo inayezedwera

Mayi Kabir anapempha kuti kayendetsedwe ka ntchito kafotokozedwe m'mawu omwe akuluakulu awo angamve. Bambo Dey anati magulu a muno amagwira ntchito m'zigawo za masabata awiri, zomwe timazitcha sipirinti. Poyamba chigawo, ntchito iliyonse imalembedwa pa kapepala, ndipo gulu limayeza kulemera kwake ndi makadi a manambala: 1, 2, 3, 5, 8, 13. Aliyense amasankha khadi mobisa. Akawerenga mpaka katatu, onse amatembenuza pamodzi. Cholinga chake n'chakuti wamng'ono asatengere wamkulu. Makadi akasiyana, wa nambala yaikulu amafotokoza zomwe waona. Kenako kapepalako kamayenda pa bolodi kuchoka pa Zodikira, kupita pa Zili M'manja, kukafika pa Zatha.

Bambo Munshi anati iwo ananena kale chaka chatha kuti njuga siilowa mu ofesi n'kutuluka ndi zabwino. Wapampando anawapempha asiye.

Bambo Munshi anaonetsa chithunzi chomwe ofesi yawo inajambula pa 27 Febuluwale, tsiku lomwe gulu la Dhanbarta linayeza ntchito yoti uthenga uzibwereza wokha netiweki ikabwerera. Pa chithunzipo pali makadi 5, ndipo onse ndi a 2. Anati kapepala ka ntchitoyo kali ndi dzina la Mayi Laskar, khadi lawo linali 2, ndipo pa 10 Malichi, pamaso pa alendo a bungwe lopereka thandizo, iwo omwewo anakasuntha n'kukamata pa Zatha. Anati sakuona choti komiti ikambirane.

Bambo Dey anati iwo analipo pa 27 Febuluwale, ndipo chithunzicho chinajambulidwa makadi atagona kale patebulo. Anati Bambo Mazumder sadikira kuwerenga. Amaponya khadi lawo pa "chimodzi", n'kuligwira ndi chala. Tsikulo anaona Mayi Laskar atasolola 13, kenako n'kulibwezera pansi pa ena. Mayi Kabir anafunsa chifukwa chake mlangizi sanaimitse zimenezo. Bambo Dey anati anaganiza zodzalankhula ndi Bambo Mazumder paokha, posafuna kuwadzudzula pamaso pa antchito awo, ndipo nthawi sinapezeke.

4.3 Mawu a Mayi Laskar

Wapampando anauza Mayi Laskar kuti alankhule momasuka ngati ali kwa bambo awo. Mayi Laskar anavomera zonse zitatu: dzina ndi lawo, khadi ndi lawo, dzanja lomwe linasuntha kapepala ndi lawo. Anavomeranso kuti anali atasolola 13. Anati ankadziwa kuti ntchitoyo si ya kulemba kokha. Inkafunika kupita ndi mafoni a mabatani kudambo, kudula netiweki dala, n'kuona ngati uthenga ubwera pambuyo pake. Popeza inayezedwa 2, ntchitoyo inaikidwa kumapeto kwa sipirinti. Anaiyesa muofesi muno momwe netiweki siiduka, uthenga unafika, ndipo anasuntha kapepala.

Wapampando anafunsa kuti nanga 13 anamubisiranji.

Mayi Laskar anati: "Apulofesa, achimwene Istiaque anali atauza kale alendo kuti ndi kantchito ka tsiku limodzi. Pa tebulo panali anyamata atatu omwe iwo anawalemba ntchito. Ndikanatembenuza 13, ndiye kuti ndikuuza anyamatawo kuti bwana wanu sadziwa ntchito. Munthu amene anakwera basi mpaka kwathu kukapempha bambo anga kuti andilole kukhala mu Dhaka. Inu mukanatembenuza?"

Wapampando anati komiti ndiyo ikufunsa mafunso.

Mayi Kabir anafunsa chifukwa chake alimi anadalira foni yokha, popeza mudzi uliwonse wa m'dambo umakhala ndi alonda pakhoma nyengo ino. Mayi Laskar anati Bhatirtek ndi kwawo. Kale amuna ankasinthana kukhala pakhoma, ndipo madzi akakwera ankathamangira ku mzikiti kukalengeza pa chokuzira mawu. Mu Malichi Mayi Laskar anaima pabwalo la sukulu n'kuuza anthu kuti chaka chino agone, foni idzawadzutsa masiku awiri madzi asanafike. Akuluakulu a mudzi anakana. Bambo a Mayi Laskar anaimirira n'kunena kuti mwana wawo sananamepo, ndipo ulonda unathetsedwa. Munda wa bambo awo uli m'gulu la minda yomira. Anati chiyambire pa 5 Epulo bambo awo sakuyankha foni, amayankha ndi mayi awo, ndipo amangoti bambo apita kukaona madzi.

Mayi Kabir anapempha kuti zilembedwe kuti bungwe lawo silinauze munthu aliyense kuti achotse alonda. Zalembedwa.

4.4 Mawu a Bambo Mazumder

Bambo Mazumder anati Mayi Laskar amawatenga ngati mlongo wawo ndipo mtima ukuwapweteka. Anati iwo ndi munthu wofulumira basi, ngakhale mkazi wawo amadandaula zomwezo pa chakudya, koma sanagwirepo dzanja la munthu kuti asatembenuze khadi. Anati m'gulu lawo aliyense ndi wofanana, ndipo mawu amenewo analembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu.

Anatembenukira kwa Mayi Laskar n'kunena kuti: "Iwe Shiuli, ndinakumenyapo ine? Ukanangonena kuti achimwene, apa mwaphonya. Pakamwa unasiya kwanu?"

Mayi Laskar anati: "Mu Disembala Rakib, yemwe anali nafe m'gululi, anaonetsa 8 pamene inu munaonetsa 3. Munamutcha Mfumu ya Ulesi mwezi wathunthu. Lero amagulitsa mafoni ku Motijheel."

Bambo Mazumder anati zija zinali nthabwala, ndipo mnyamatayo anachoka yekha. Pa za 10 Malichi, anavomera kuti anauza gulu kuti alendo asapeze kapepala kalikonse pakati pa bolodi, koma anati tanthauzo lake linali loti ntchito zithe, osati zisunthidwe. Mlembi anafunsa kuti mawuwo ananenedwa nthawi yanji. Anati m'mawa wa tsiku lomwelo, alendo akukwera kale m'chikepe.

Bambo Mazumder anakumbutsanso komiti kuti gulu lawo lili pa mndandanda wa magulu 3 opita ku chionetsero cha ku Singapore mu Juni, ndipo Apulofesa amawadziwa kuyambira ali chaka choyamba ku yunivesite. Wapampando anati zimenezo sizikukhudza nkhaniyi.

4.5 Kukambirana ndi chigamulo

Oitanidwa anatulutsidwa.

Mayi Kabir anati akuluakulu awo apereka njira ziwiri: lichoke gulu lonse, kapena achoke munthu amene dzina lake lili pa ntchitoyo. Anati iwo ngati mayi akumva chisoni, koma lipoti silikhala ndi malo olembapo khadi lomwe silinatembenuzidwe. Bambo Munshi anati gulu likachoka, anthu 5 ataya malo m'malo mwa mmodzi, ndipo nyumba ino itaya dzina. Anati mtsikanayo ndi wanzeru, apeza kwina. Bambo Dey anati sadzapeza, chifukwa dzina lake lidzakhala m'lipoti lomwe nyumba zonse zofungatira mabizinesi mu Dhaka zimawerenga. Anati m'kayendetsedwe aka kulakwa n'kwa gulu, ndipo njira yake ndi kukhala pansi pakutha kwa sipirinti n'kufunsa chomwe chinalakwika, osati amene analakwa. Bambo Munshi anati alimi 254 sangadye kukhala pansi.

Wapampando anati anaphunzitsa achinyamata zaka 34 ndipo ulemu kwa akulu si mlandu. Koma anati munthu wophunzira ayenera kudziwa kulemekeza wamkulu n'kunenabe zoona, ndipo Mayi Laskar analephera pamenepo. Bambo Dey anafunsa ngati Apulofesa akukumbukira wophunzira wina aliyense amene anawatsutsapo m'kalasi n'kukhoza mayeso. Wapampando anati funsolo ndi lopanda ulemu. Bambo Dey analibweza.

Bambo Dey anapempha kuti voti ikhale yolemba pa timapepala. Wapampando anati m'komiti muno muli akuluakulu okhaokha, ndipo wamkulu sabisa nkhope. Voti inachitika pokweza manja.

Ofuna kuti Mayi Laskar achotsedwe: 3 (Wapampando, Bambo Munshi, Mayi Kabir)
Okana: 0
Osavota: 1 (Bambo Dey)

Bambo Dey anapempha kuti kusavota kwawo kulembedwe ngati kukana. Wapampando anati mwayi wokana unaperekedwa ndipo dzanja silinakwere.

Chigamulo: Mayi Shiuli Laskar achotsedwa m'nyumba ya Kashphul kuyambira lero. Dzina lawo lilembedwe m'lipoti. Bambo Mazumder alangizidwa kuti azidikira kuwerenga kuthe asanatembenuze khadi.

5. Ntchito yomwe sinathe

Oitanidwa anabwezedwa ndipo Wapampando anawerenga chigamulo. Mayi Laskar sanatsutse. Anapempha chinthu chimodzi: aloledwe kumaliza ntchito yobwereza uthenga, popanda malipiro ndiponso popanda dzina lawo, chifukwa mvula ikugwabe m'mapiri ndipo mpunga wa kumtunda ukufunika masiku ena khumi. Anati akhoza kumaliza sabata ino ngati apita kudambo ndi mafoni.

Bambo Munshi anati munthu wosakhala membala saloledwa kukhudza makompyuta a nyumba ino, ndipo lamulolo analiika ndi a bungwe lopereka thandizo. Mayi Kabir anatsimikiza. Mayi Laskar anapempha kuti ndiye mmodzi wa anyamata atatu aja aitenge mawa, iwo amuonetse poyambira. Bambo Mazumder anati sipirinti ya panopa inayamba Lamlungu, yadzaza ndi zokonzekera ku Singapore, ndipo lamulo la kayendetsedwe ka muno limati ntchito yatsopano siilowetsedwa pakati pa sipirinti. Anapempha mlangizi atsimikize.

Bambo Dey anayankha. Anati lamulolo n'loona, anawaphunzitsa ndi iwo, koma mwini wa gulu ali ndi mphamvu yothetsa sipirinti zinthu zikasintha. Bambo Mazumder anati sipirinti yothetsedwa imachepetsa manambala a gulu pa lipoti la mwezi, ndipo pambuyo pa zomwe zachitikazi sangaonetse akuluakulu manambala otsika. Anati ntchitoyo ailowetsa mu sipirinti yotsatira, pa 24 Epulo, ndipo aiyeza bwinobwino gulu lonse lilipo. Wapampando anati komiti siilowerera mu dongosolo la mkati mwa gulu.

Mayi Laskar anafunsa kuti nanga alimi auzidwa liti kuti foni singawachenjeze. Mayi Kabir anati palibe mawu otuluka kunja lipoti lisanavomerezedwe ku likulu lawo, zomwe zimatenga masabata atatu. Anati m'lipoti muzilembedwa kuti "vuto la netiweki", ndipo anthu akumudzi akudziwa kale kuti kunali mkuntho. Mayi Laskar anati n'chifukwa chake akumudzi akuganizabe kuti lija linali tsoka la tsiku limodzi, ndipo mpaka lero palibe wakhala pakhoma lina lotchinga mpunga wa kumtunda.

Wapampando anayang'ana wotchi. Anati Mayi Laskar salinso pansi pa komiti ino, choncho komiti singawauze choti anene kapena asanene kwawo. Mayi Kabir anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe. Wapampando sanagamulepo, choncho alembedwa.

Mayi Laskar anati: "Ndiye ndikwera basi ya ku Sunamganj lero lomwe. Ndikaima pabwalo la sukulu lomwe lija, ndiwauze kuti zomwe ndinakuuzani mu Malichi zinali bodza, bwezerani alonda pakhoma."

Bambo Mazumder anati: "Shiuli, taganiza kaye. Ukakanena choncho mudzi wonse utuluka mu pulogalamu. Zaka ziwiri zathu zija."

Mayi Laskar anati: "Atuluke, achimwene. Chondivuta ine n'choti bambo anga adzakhala kutsogolo."

Bambo Munshi anawapempha asiye khadi lolowera pakhomo ndi kiyi wa kabati. Anasiya zonse ziwiri patebulo, anatsanzika aliyense ndi ulemu, kuyambira Wapampando, natuluka nthawi ya 2:52. Bambo Mazumder anatuluka pambuyo pawo.

6. Zina ndi zina

6.1 Bambo Munshi anati desiki ya Mayi Laskar ili pansi pa makina oziziritsa omwe akugwira ntchito, ndipo magulu awiri aipempha kale. Mlembi anafunsa kuti anaipempha liti. Anati dzulo. Desiki inaperekedwa ku gulu lomwe linayamba kupempha.

6.2 Bambo Dey anapempha kuti magulu onse achitenso maphunziro a katembenuzidwe ka makadi. Zinavomerezedwa, zichitike chikondwerero cha Idi chikadutsa.

6.3 Mayi Kabir anafunsa ngati galimoto ya Wapampando idutsa ku Farmgate. Idutsa.

7. Zoyenera kuchita

Lipoti lopita ku bungwe lopereka thandizo: Bambo Munshi, mawa.
Kalata yochotsa Mayi Laskar: Wapampando asaine, mawa.
Kusamutsa desiki: Bambo Munshi, Lamlungu.
Ntchito yokonza kuti chenjezo lizibwereza netiweki ikabwerera: yabwezedwa pa Zodikira. Woigwira sanasankhidwe.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wa 48 udzachitika Lachiwiri, 10 Meyi 2022, m'chipinda chomwechi, nthawi yokolola itatha. Wapampando anathokoza mamembala chifukwa chosunga nthawi, natseka msonkhano 3 koloko isanakwane.

Wapampando: ______________________
Pulofesa Nurul Mridha

Mlembi: ______________________
Monowara Sikdar